Mawu a alamu anga anasamukira m'foni

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, sanayambe andipepesapo. Chilowereni m'banja lawo anandipondapo chala, anandithirapo tiyi pa buluku latsopano tili pa ukwati wa eni, ananenapo pamaso pa apongozi kuti dazi langa lingathe kuwalitsa nyumba magetsi atazima. Koma kuti pakamwa pawo patuluke mawu oti pepani, ayi ndithu. Akakupondani amayang'ana pansi n'kufunsa kuti, "Phazi lanulo limafuna chiyani pamenepo?"

Anthu amawatcha a Belu chifukwa cha mawu awo olira ngati belu. Mkati mwa sabata amagwira ntchito pa shopu yosindikiza, kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala. Amakhala pa kompyuta yakale kukonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani za anthu ogulitsa malo. Koma Loweruka likakwana amavala chipewa choyera n'kupita ku kalabu ya tenisi, kukakwera mpando wautali umene uli pambali pa neti. Iwo ndiwo oyimbira. Mpando umenewo ndimaudziwa bwino poti makwerero ake ndinawotcherera ndine. Ntchito yanga ndi imeneyo, mageti, mawindo, ndi chilichonse chachitsulo chimene chathyoka.

Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, woyimbira tenisi alibe wezulo, ntchito yonse ndi ya pakamwa. Mpira ukafa amalengeza mapointi, kuyambira a munthu amene akuseva, ndiye kuti woyambitsa mpirayo, kenako a mnzakeyo. Ndipo amene anapanga mawerengedwe ake ayenera kuti anali atalawako. Ine ndinathawa sukulu chifukwa cha masamu, komabe ndimadziwa kuti fifitini ukawonjezapo fifitini ndi sate, ndipo ukawonjezanso fifitini si fote ayi. Ku tenisi ndi fote. Wopanda kanthu amati ali ndi lavu. Onse awiri akafika pa fote amati dyusi, wopata pointi yotsatira amati ali ndi adivanteji, ndipo pamenepo amatha kuzungulirazungulira mpaka dzuwa kupendeka.

A Belu analowa m'zimenezi osaitanidwa. Ali mtsikana ankatumidwa kukasiya mapepala ku kalabuko, ndipo anazolowera kuima kumpanda n'kumaonerera. Tsiku lina anapeza abambo awiri a mimba zawo atayandikizana mphuno pa neti, kukangana kuti mapointi afika pati. Iwo anangofuula ali kumpanda konko kuti, "Sate-fote! Inu a kabudula wofiira mukunama!" Agalu a nyumba zoyandikana anauwa. Loweruka lotsatira anawakweza pampando, ndipo imvi zawapeza pomwepo.

Mawu amenewo, abale! Akati "Chete!" ngakhale akhwangwala a mumtengo wa kuseri kwa bwalo ankameza malovu. Mkazi wanga amati ali ana mayi awo sankavutika kuitana anthu kudzadya, ankangotuma mwana wawo wamkuluyo kuti aime pakhomo.

Ndiye chaka chatha kunatuluka chotupa pakhosi. Madokotala anachichotsa, tikuthokoza, munthu ali moyo ndipo akudya ngati kale. Koma mawu anapita nacho limodzi. Kunangotsala kamphepo, ngati tayala la njinga likamaphwa. Kuti umve zimene akunena uyenera kuyandikiza khutu, ndipo ukayandikiza umapeza kuti akukunyoza.

A Tcheya a kalabu si munthu woipa. Ndi mkulu wopuma pantchito, wa bondo lovuta, wokonda malamulo kuposa adzukulu ake. Anabwera kunyumba kwathu, kumene alamu ankachirira, atanyamula nthochi m'jumbo.

"Mayi, mwatigwirira ntchito yaikulu," anatero atakhala. "Komiti yaganiza zokupatsani chikho cha ulemu pa fainolo ya chaka chino. Kuchokera pamenepo muzikhala pa tebulo la pamthunzi, muzilandira alendo. Pampando paja pafunika munthu woti anthu azimumva."

Alamu anandikodola ndi chala. Masiku amenewo sipika yawo ndinali ine, iwo amanong'ona, ine n'kunena mokweza.

"Akuti zikomo chifukwa cha nthochi," ndinatero, "koma pampando satsika."

Zimene ananong'ona zenizeni zinali zoti chikhocho a Tcheya achivale kumutu chiwabise makutu, koma ine ndinaleredwa bwino.

"Nanga muzilengeza ndi chiyani, mayi? Ndi zala?"

Ndinayandikizanso khutu. "Akuti muona."

Kunena zoona, tsiku limenelo ngakhale iwo sankadziwa chimene a Tcheya adzaone. Nzeru inabwera atabwerera ku shopu. Kasitomala wina ankafuna khadi la ukwati loti anthu azilitsegula pa foni, ndipo alamu, amene sanayambe avomerapo kuti pali chinthu chimene sadziwa, anaonera mavidiyo a pa intaneti mpaka analipanga. Pa khadilo panali batani, ukalidina nyimbo imalira. Akuti anakhala n'kulidinadina batani lija madzulo onse mpaka wometa tsitsi wa chipinda chinacho anagogoda khoma. Ngati batani lingaimbe nyimbo, lingalephere bwanji kunena kuti fifitini-lavu?

Kuyambira pamenepo tinawataya. Nthawi ya nkhomaliro ku shopu, pa kompyuta. Lamulungu masana kwathu, pa tebulo la kukhitchini, ali ndi laputopu yobwereka kwa abwana awo, magalasi ali pansonga pa mphuno, kulemba mizere ya timawu tosamveka todzaza ndi tizikhomo ndi timadontho. Ine ndikasuzumira ndinkaona ngati nyerere zagwera mu inki.

"Alamu, mwayamba kulembera kalata ziwanda?"

Anandikoka kolala kuti khutu lifike. "Pitani mukawotcherere geti. Izi n'za anthu amene anamaliza sukulu."

Chimene ankapangacho sichinali chachikulu. Ndi tsamba limodzi, ukalitsegula pa foni sikirini imagawika pakati, kumanzere kobiriwira, kumanja kwachikasu. Poyamba umalemba mayina a osewera awiri, wina mbali iyi, wina mbali iyo. Basi. Amene wapata pointi umadina mbali yake, foni n'kuwerengera yokha, n'kulengeza kudzera pa kasipika kopanda waya. Mbalizo anazikulitsa dala, chifukwa woyimbira maso ake amakhala pa mpira, osati pa foni imene ili pa miyendo yake. Chala chizingopita chokha.

Kunena n'kosavuta, koma kanthuko kanawalimbitsa mutu. Tsiku loyamba kanawerenga fifitini, sate, fote-faifi, sikisite, ndipo ine ndinaombera m'manja kuti tsopano kwabwera chinthu chodziwa masamu. Atakonza zimenezo, kakafika pa dyusi kankakanirira pomwepo ngati bulu pa mlatho. Kenako zinapezeka kuti foni ikakhala kanthawi osagwidwa imagona, sikirini bii, mapointi ali m'kati. Atathana ndi tulo ta foniyo, mkazi wanga anangokhudza sikirini ndi chala chonyowa n'kukokera pansi, tsamba lonse linayambiranso, mapointi onse mbee. Alamu anamuyang'ana mng'ono wawo ndi diso loti akanakhala ndi mawu, magalasi a mawindo akanasweka. Sabata yotsatira anali atapeza njira yoti mapointi azisungika m'foni momwemo, ndiponso yoti tsambalo lizigwira ntchito popanda netiweki, poti ku bwalo kuja netiweki imabwera ngati mlendo wa kutali.

Kenako nkhani ya mawu. Foni ili ndi mawu akeake, a mayi wina waulemu kwambiri, ngati aja olengeza pa bwalo la ndege. Alamu anamvetsera kamodzi n'kupukusa mutu.

"Ameneyu sangatontholetse ngakhale mphaka."

Apa ine ndinaona mwayi. Ndinakonza kukhosi n'kuima mowongoka. "Alamu, mawu muli nawo m'nyumba momwemuno. Jambulani anga. Fifitiiini, laaavu!"

"Amenewo n'ngoitanira minibasi."

"Anthu amati ndikanakhala pa wailesi."

"Anthu ake ndi ogontha. M'foni mwangamu simudzalowa, alamu. Ngakhale kutsokomola kwanu."

Ankafuna mawu awo enieni, a kale aja. Ndiye anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba kwa mamembala a kalabu, kupempha mavidiyo amene anthu anajambula pa mafoni m'zaka zapitazo, ena akujambula ana awo akusewera, ena amuna awo. M'mavidiyo onsewo, kumbuyo, munali Belu akulira. Anakhala n'kumadula kachidutswa kachidutswa, sate-fifitini uku, fote-lavu uko, mpaka anasonkhanitsa zonse. Mayina a osewera anawasiya, anati pa adivanteji ndi pa gemu azingoloza ndi mkono.

Zidutswazo sizinali zoyera. Kumbuyo kwa sate-fote kuli galu akuuwa. Pa lavu-fifitini pali galimoto ikubwerera chambuyo. Dyusi ali ndi mayi wina akufunsa mwana wake ngati wakodza. Ndinawauza kuti azichotse, iwo anakana, akuti bwalo limamveka choncho.

Tsiku limene analumikiza zonse n'kudina koyamba, mawu aja anatuluka m'kasipika pa tebulo la kukhitchini, athunthu, amphamvu ngati kale: "Fifitini-lavu!" Mkazi wanga anagwetsa supuni. Anatembenukira ku sinki n'kuyamba kutsuka mbale yotsukatsuka kale. Alamu anaika dzanja pakhosi pamene pali chipsera. Kenako anadinanso, n'kudinanso, mpaka aneba anafunsa pampanda ngati achira.

Panali chinthu chimodzi chimene tinakangana. Ine ndi sukulu yanga yochepayi ndimadziwa kuti ukawotcherera molakwika pamafunika chodulira.

"Alamu, nanga mukadina molakwitsa? Ikanipo kabatani kobwezera m'mbuyo."

"Kobwezera chiyani?"

"Mapointi. Munthu amaphonya."

"Munthu wake ndi inu. Ine pampando paja sindinabwezepo mawu. Woyimbira akayamba kubweza mawu, mawa aliyense abwera kudzapempha kuti abwezenso."

"Koma chala si pakamwa."

"Chala n'changa, pakamwa m'panga. Palibe batani lopepesa muno."

Ndinawasiya. Kukangana ndi a Belu kuli ngati kukankha khoma, umangotuluka thukuta.

Poti a Tcheya anali atalamula kuti asakwere pampando mpaka komiti ione, mayeso onse tinkachitira kukhitchini kwathu. Tinamanga chingwe choyanikira zovala kuchokera pa chitseko kufika pa zenera, ndiye neti. Mpira unali sokosi yokulungiza, zomenyera zinali zivundikiro za mapoto. Mkazi wanga ankaima mbali ya mbaula kuti aziyang'anira zimene akuphika, ine mbali ya firiji kuti ndiziyang'anira zimene zili m'katimo. Alamu ankakhala pa situlu yoikidwa pamwamba pa tebulo, foni ili chopingasa pa miyendo. Tinasewera magemu osawerengeka, ndipo foni sinaphonye ngakhale kamodzi. Mkazi wanga kumanzere, ine kumanja, Lamulungu lililonse chimodzimodzi. M'khitchini mopanikiza muja, ndani akanaganiza zosinthana malo? Mphika ukanapserera.

A Tcheya ataonetsedwa kanthuko anakanda m'mutu nthawi yaitali. Anakadina okha, kanalankhula, iwo anadzidzimuka pang'ono kenako n'kudzigwira.

"Chabwino, mayi. Muyimbire fainolo ya akuluakulu. Koma timvane pano. Makinawa akangolengeza zolakwika kamodzi kokha, mutsika, ndipo nkhaniyi ithera pomwepo."

Ndinayandikiza khutu. "Akuti avomera." Ulendo uno ananenadi zomwezo.

Tsiku la fainolo anthu anadzaza mabenchi, ena ataima kumpanda. Ambiri sanabwerere tenisi, anabwera kudzaona foni yolankhula. Kasipika ndinakamangirira ndi waya pa mwendo wa mpando. Alamu anakwera makwerero anga aja pang'onopang'ono, chipewa choyera chili pamutu, n'kukhazika foni chopingasa pa kathabwa ka pamiyendo. Osewera anali dokotala wa mano, munthu wochepa thupi wothamanga ngati wakuba, ndi mkulu wina wogulitsa matayala amene timangomuti a Matayala.

Dokotala anayamba kuseva ali kumanzere kwa alamu. Mpira woyamba anapata ndi iye. Chala chinatsika.

"Fifitini-lavu!"

Akhwangwala anabalalika mumtengo. Anthu anakuwa, ena anaimirira, mayi wina pambali panga anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Mayo, ndi iwo ndithu!" Pa sate-fote galu uja anauwa m'sipika, agalu enieni kuseri kwa mpanda n'kumuyankha. Ine ndinkangogunda aliyense woyandikana nane ndi chigongono. "Alamu anga amenewo. Kukhitchini kwanga kumeneko."

Gemu yoyamba anatenga dokotala. Ndipo monga mwa lamulo la masewerawa, gemu yoyamba ikatha osewera amasinthana mbali. Anadutsana pa neti, dokotala n'kupita kumanja, a Matayala n'kubwera kumanzere. Alamu aona anthu akusinthana choncho kwa moyo wawo wonse. Mutu wawo unkadziwa. Koma foni ija inakulira kukhitchini, kumene munthu wa kumanzere amafera kumanzere.

A Matayala anaseva mpira wamoto, dokotala sanaukhudze n'komwe. Pointi ya a Matayala, aliyense anaona. Maso a alamu anali kumanzere kumene kunali mwini pointi, chala chinatsatira maso, n'kudina kumanzere, mbali imene m'foni inali idakali ya dokotala.

"Lavu-fifitini!" Kagalimoto kaja n'kumalira kumbuyo, kakubwerera chambuyo.

A Matayala anatambasula manja. "Ah-ah! A Belu, mpira ndamenya ndine, pointi mwapatsa wozula mano?"

Ndinaona alamu akuyang'ana pa foni koyamba chiyambireni masewero. Ndinaona chala chikuyendayenda pa sikirini kufuna chinthu chimene mwini wake anakana kuikapo. Ndikanakhala munthu woipa ndikanaseka. Ndinaseka pang'ono chabe.

A Tcheya ananyamuka pa tebulo la pamthunzi, pamene chikho chija chinali chitakhala kale chonyezimira, n'kuyenda motsimphina mpaka pansi pa mpando. Sanakweze mawu.

"Mayi, tinapangana."

Alamu anandiyang'ana. Ndinathamanga kuti ndikagwire ntchito yanga ya usipika, koma nditafika anandiletsa ndi dzanja. Anawerama, nagwira m'mphepete mwa mpando, natsegula pakamwa iwo eni. Mitsempha ya pakhosi inachita kuoneka. Anthu a m'mabenchi anayamba kutontholetsana okha, "Shh, akulankhula, akulankhula," mpaka kunamveka masamba okha.

"Fifitini," kanatuluka kamphepo kaja, "lavu." Analoza a Matayala ndi mkono wonse.

Anamva ndi a mabenchi akutsogolo okha, koma anapatsirana mpaka kumpanda.

"Zimenezo tamva," anatero a Tcheya. "Koma makina alakwitsa, ndipo tinati akalakwitsa mutsika."

Alamu anawerama kwambiri mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugwa. Ine ndinali pafupi, ndinamva zonse. "Makina sanalakwe. Achita zimene ndawauza. Ngati mukufuna nditsike, kwerani mudzanditsitse."

A Tcheya anayang'ana makwerero. Makwerero amenewo ndi opapatiza, otsetsereka, ndipo ndinawapanga ndisanaganizire za mabondo a anthu opuma pantchito. Anayang'ana ine.

"Bambo, tawauzani alamu anuwa."

"A Tcheya, ine ndakhala ndikuwauza zinthu chikwatirireni. Onani tsitsi langa kumene linapita."

Pamene tinkalankhula choncho, alamu anali atafafaniza masewero onse m'foni n'kuyambiranso kudina mapointi kuchokera pachiyambi. Sipika sanaitseke, kuti wina asadzanene kuti anasintha kanthu mobisa. Ndiye bwalo lonse linamva Belu wakale akuthamanga ndi gemu yoyamba ija ngati munthu wothawa mvula, "Fifitini-lavu, fifitini onse, fifitini-sate, sate onse, sate-fote," galu huu, "dyusi," mayi uja n'kufunsa za mkodzo, "adivanteji, gemu!" Anthu anagwa nacho chiseko. Ngakhale dokotala anakhala pansi pa mzere n'kubisa nkhope m'thawulo.

Kenako alamu ananyamula foni ija m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuizunguza, kumutu kukhala kumiyendo. Kobiriwira kunapita kumanja kumene kunali dokotala, kwachikasu kunabwera kumanzere kumene kunali a Matayala. Zilembo zinali chadodolido, koma ndani amaziwerenga? Anadina kumanzere.

"Fifitini-lavu!"

A Matayala anagunditsa mpira pansi kawiri n'kuyang'ana a Tcheya. "Akulu, mwaima m'bwalo. Ndiseve kapena mukufuna mulandire ndinu?"

"Ifenso tikufuna a Belu omwewo," anatero dokotala. "Wina aliyense a Matayala amubera."

A Tcheya anakweza chala kwa alamu. "Nkhaniyi sinathe. Tikakambirana ku komiti." Anabwerera kumthunzi motsimphina, n'kukhala pafupi ndi chikho chawo.

Masewero anapitirira mpaka dzuwa linafika pa denga la kalabu. Osewera akasinthana mbali, alamu ankazunguza foni, ndipo pofika pakati pa masewero anthu a m'mabenchi anali atayamba kuwakumbutsa mokuwa, "Tembenuzani, a Belu!" Iwo ankawayang'ana ndi diso lija, koma ankatembenuza. Anapambana ndi dokotala. Alamu anatsika anthu onse atabalalika, pa nthawi yawo, osagwira dzanja limene ndinawapatsa.

Komiti inakumana mkati mwa sabata, ndipo a Tcheya anabweranso kwathu, ulendo uno opanda nthochi. Anati pangano linaswekadi, ndipo iwo sakonda mapangano osweka. Koma osewera akana kuyimbiridwa ndi wina. Ndiye mpando ukhalabe wa a Belu pa mfundo ziwiri. Yoyamba, foni iphunzire kusintha mbali yokha. Yachiwiri, pakhale batani lobwezera, ndipo likadinidwa lizinena mokweza kuti pachitika cholakwa, lipepese kwa osewera, kuti pasamakhale kubweza mapointi mwakachetechete. Popanda batani limenelo, tebulo la pamthunzi likudikira.

Yoyambayo alamu anali atakonza kale Lamulungu lotsatira fainoloyo. Yachiwiriyo inawakhala pakhosi kuposa chotupa chija. Mkazi wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisayerekeze kutsegula pakamwa. Ndinayesetsa, koma ndinalephera.

"A Tcheya, pamenepo pavuta. Mufufuze mavidiyo onse a m'dziko muno, simupeza pamene alamu anga ananenapo kuti pepani. Adula kuchokera pati?"

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira pa dazi mpaka ku nsapato. Kenako anamwetulira, ndipo ine ndinadziwa kuti ndadziputira. Anatenga foni, natsegula chojambulira mawu, n'kundiikira pakamwa. Anandikoka kolala.

"Paja mumafuna kulowa m'foni, alamu? Konzani kukhosi."

Ndiye mukapita ku kalabu kuja Loweruka, mukawapeza a Belu ali pamwamba ndi chipewa chawo choyera. Mukamva mawu awo akale akugwedeza mpanda, ndi galu, ndi galimoto, ndi mayi wa mwana uja. Pansi penipeni pa sikirini pali kabatani kakang'ono kofiira, kochepa moti kuti ukadine uyenera kukafunafuna. Sikalira kawirikawiri. Koma kakalira, bwalo lonse limamva mawu oitanira minibasi akuti, "Pepani akuluakulu, ndalakwitsa ndine." Anthu onse amatembenukira ku benchi imene ndimakhala, ena n'kumandiloza, a Matayala n'kumakuwa kuti, "Iwe wa mageti, tasamala!" Alamu pampando paja amangokonza chipewa, n'kuyang'ana kutsogolo ngati munthu amene sanamve kanthu.